Masokosi a Santhiyogu

Lachinayi Loyera m'mawa tinali tonse pakhonde la kuseri, tikudya pitu wa ufa wampunga ndi kokonati, ndi tiyi wopanda mkaka. Amma, amayi athu, anakhala pamkeka pafupi ndi khomo la kukhitchini. Mlongo wanga wamng'ono Nesan anali pa chitsa chake cha mgwalangwa, ndipo mkazi wake Jenita, amene mimba yake inali itakwana miyezi isanu ndi itatu, anatsamira chipupa miyendo atawongola.

"Akka, wawaona atumwi a chaka chino?" Nesan anandifunsa, pondiitana monga mlongo wake wamkulu, kukamwa kuli tho. Ankanena za amuna khumi ndi awiri amene wansembe wathu, Swami, anawasankha kuti awasambitse mapazi pa Misa ya madzulo. "Swami aika nkhuku ndi mphamba m'khola limodzi. Awiri ndi aja anali kutchire ndi mfuti. Wina ndi uja ankaphikira asilikali. Ndiye pa mapeto pa benchi, bwana wa masokosi!"

Jenita anaseka mpaka kugwira pamimba. "Kodi avula? Kapena Swami achapa ndi sokosi yomwe?"

"Ndine ndigwire beseni, ndiye ndikapuma ndi pakamwa. Sokosi zija sizinaonepo dzuwa," anatero Nesan.

Bwana wa masokosiyo anali Santhiyogu, bambo wachikulire wokonza mapampu a madzi. Anali atabwera chaka chatha kuchokera ku misasa ya othawa nkhondo ku India, nakhazikika pa malo a mkazi wake kutsidya kwa damu. Kwathu munthu aliyense amasiya patapata pakhomo la tchalitchi n'kulowa ndi mapazi okhaokha, koma iye ankalowa ndi masokosi akuda, dzuwa liswe mtengo. Ankati ali ndi matenda a shuga ndipo dokotala anamuletsa kuponda pansi. Anthu ankangomuseka. Munthu amene mumamuseka simumuganizira zoipa.

"Koma chodabwitsa si chimenecho," anatero Nesan. "Swami akuti dzina la Santhiyogu analipereka ndi Amma. Akuti anachita kupita okha kunyumba ya ansembe Lolemba."

Tonse tinawayang'ana. Amma anali kutolera nyenyeswa za pitu m'mbale ndi zala.

"Idya, mwana iwe," anatero. "Ukatha ukatsuke mtsuko wamkuwa uja ndi bwemba. Usakatichititse manyazi."

Ndinadabwa chifukwa Amma sankafuna kumva za misonkhano ya Swami Emilianus. Chibwerereni ku parishi yathu, wansembeyu ankasonkhanitsa anthu Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa bwemba: amene anataya ana, amene anamenya nkhondo, amene anathawa n'kubwerera. Ankati tiyankhulane, mtendere sumera pomwe anthu amangopatsana moni wa m'mphuno. Amma anapitako kamodzi kokha. Atamva mawu oti kukhululuka anaimirira.

"Ndikhululukire ndani, Swami? Chiguduli?"

Anatola ambulera yawo n'kumapita, ndipo sanapondekonso.

Za chigudulicho mudzi wonse ukudziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo asilikali anazinga mudzi m'mawa, nandandalika amuna onse pabwalo la tchalitchi. Pambali pa lole panakhala munthu atamuveka chiguduli kumutu, chobooledwa timabowo tiwiri ta maso. Amuna ankadutsa pamaso pake mmodzimmodzi. Amene iye wamugwedezera mutu ankamukweza m'lole. Tsiku limenelo anagwedeza kasanu ndi kawiri. Wachinayi anali mchimwene wathu Kiruba, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, atavala malaya a bambo athu. Mpaka lero sitinamuike m'manda, sitinamuchitire Misa ya akufa, chifukwa Amma amati munthu amene sunaone mtembo wake sumupempherera ngati wakufa.

Nesan atapita kuchitsime ndi mtsuko, Amma anandiitanira m'nyumba kuti ndiwathirire makala m'simbi. Ankasita chopukutira choyera cha Swami. Nyumba yathu ndiyo imasunga beseni, mtsuko ndi chopukutira cha Lachinayi Loyera kuyambira nthawi ya agogo. Anagwirapo bambo, anagwirapo Kiruba, tsopano ndi Nesan.

"Amma, Santhiyogu mwamufunira chiyani?"

Anawaza madzi pansalu, nakanikiza simbi mpaka nthunzi inakwera.

"Seeli, ukukumbuka chaka chimene khasu la ng'ombe linadula munthu waganyu m'munda mwathu?"

"Ndinali wamng'ono."

"Anachokera kutali, anangobwerera nyengo yolima imodzi. Zala ziwiri za phazi la kumanzere zinatsala m'matope. Masabata atatu anagona pakhonde pano. Ndinkamutsuka ndekha, kumupaka mafuta ndi mankhwala, kumudyetsa m'mbale ya bambo ako. Phazi limenelo ndikulidziwa ngati la mwana wanga." Anaika simbi pambali. "Tsiku lija ndinadutsa pansi pa chingwe chimene anatitchinga nacho n'kukagwa pa mapazi a msilikali. Wa m'chiguduli uja anali pafupi: mutu anamuphimba, koma mapazi anaiwala. Zala zitatu, chachikulucho chopindikira mkati."

Nkhani ya phazi la zala zitatu inali yodziwika, chifukwa Mariyammah, amene anataya ana awiri tsiku lomwelo, analiona nayenso ndipo wakhala akuisimba kwa aliyense. Kungoti iye sankadziwa mwini wake. Nesan anakula nayo nkhaniyi. M'basi, pamsika, pamaliro, maso ake amayamba ayang'ana pansi.

"Zaka zonsezi munangokhala chete?"

"Nesan anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndikanamuuza akanapita kukamusaka, ine n'kutsala wopanda mwana wamwamuna. Kenako njokayo inawoloka nyanja. Tsopano yabwera yokha, ikumadya Ukalistia pambali panga." Mawu awo sanakwere ayi. "Lero avula pamaso pa mudzi wonse. Ine sinditchula dzina. Phazi lidzitchula lokha."

"Amupha, Amma. Ndipo woyamba akhala Nesan. Aima pafupi kuposa wina aliyense."

"Amuphe."

"Nanga Jenita? Mwana abadwe bambo ake ali kundende?"

Amma anapinda chopukutira kanayi, nachisalaza ndi dzanja. "Kiruba sanamuone n'komwe mwana wake woyamba, chifukwa sanampatse nthawi yokwatira. Pita ukaone mpunga pamoto."

Mpunga sindinauone. Ndinatulukira kuseri, n'kudzera pa mizere ya m'minda kupita kutchalitchi. Swami Emilianus ndinawapeza atakweza mkanjo, akuthandiza amayi awiri kupachika nsalu pa guwa la m'mbali. Ndinapempha kuti tiyankhule patokha, ndipo tinakakhala pa benchi pansi pa bwemba.

"Amayi ako andisangalatsa, Seeli," anayamba ndi iwo. "Zaka zitatu ndakhala ndikuthirira mtengo wouma, ndiye Lolemba ndinaona katsamba."

"Si katsamba, Swami. Ndi msampha."

Ndinawafotokozera zonse. Anavula magalasi, nawagwira m'manja nthawi yaitali osawapukuta.

"Ndine wopusa," anatero potsiriza. "Ndinkafunitsitsa kumva kuti misonkhano yanga yabala chipatso, mwakuti sindinawafunse ngakhale chifukwa. Ndimauza anthu kuti azimvetserana, ine ndikungomva mawu anga." Anavalanso magalasi. "Wati phazi liti?"

"La kumanzere."

"Ife timasambitsa la kumanja lokha."

Ndinali ndisanazindikirepo. Anthu amakhala pa benchi paja opanda chovala kumapazi, ndipo palibe amene amasamala kuti lalowa m'beseni ndi liti.

"Basi zatha, Swami! Angovula imodzi. Palibe aone."

"Inde, palibe aone," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndipsompsone phazi labwinolo, tiyimbe nyimbo, tipite kwathu. Mariyammah apitirize kusiya mbale ziwiri za mpunga usiku uliwonse. Amayi ako apitirize kudya Ukalistia ndi mwala pamtima. Kodi ndi mtendere umenewo, Seeli? Limenelo ndi bala lomangidwa nsalu yoyera mafinya ali mkati."

"Ndiye mukufuna afe?"

"Ayi. Moyo wake si wa amayi ako, si wanganso. Koma choonadi chimene wasunga si chake yekha, ndi cha nyumba zisanu ndi imodzi." Anaimirira n'kupita pomwe panali njinga yawo. "Sindingamuvule ndi dzanja langa, ndiponso sindimukokera kuno osadziwa. Ndikamuuza zomwe zikumudikira. Akafuna kukhala kunyumba, akhale."

Misa inayamba dzuwa litapendeka, kutentha kusanathe. Tchalitchi linadzaza mpaka pakhonde, amayi kumanzere pamikeka, abambo kumanja. Ine ndinakhala pambali pa Amma. Anavala sari, nsalu yawo yoyera ya m'bokosi, kolona ili m'manja, koma mikanda sinkayenda.

Atumwi khumi ndi awiri analowa ndi nsalu zoyera pamapewa. Womaliza anali Santhiyogu. Anabwera ndithu. Anayenda maso ali pansi, masokosi akuda ali kumapazi, ndipo achinyamata kumbuyo anayamba kugwedezana ndi zigongono.

Ulaliki utatha Swami anavula chovala cha pamwamba, namanga chopukutira m'chiuno. Nesan anawatsata ndi beseni ndi mtsuko. Anagwada kwa woyamba, kuthira madzi, kupukuta, kupsompsona. Kwaya inkayimba motsitsa. Amma ankawerenga ndi milomo. Atafika pa wachisanu ndi chinayi anandigwira dzanja, zikhadabo zawo n'kulowa m'khungu langa.

Pa wa khumi ndi chiwiri, Nesan anaika beseni pansi uku akubisa kumwetulira. Santhiyogu anawerama, navula sokosi ya kumanja. Linali phazi wamba, lotuwa chifukwa chosaona dzuwa, zala zisanu. Swami anathira madzi.

"Linalo," Amma ananong'ona. "Linalo!"

Swami anapukuta, napsompsona, nayamba kudzuka. Ndinamva dzanja la Amma likufooka. Nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene wayenda tsiku lonse n'kupeza chitsime chouma. Ine mumtima ndinathokoza Mulungu, ndipo sindichita manyazi kunena.

Koma Santhiyogu sanabweze phazi. Anagwira Swami pa mkono kuti adikire. Anaweramanso, nayamba kukoka sokosi ya kumanzere. Inakakamira pa chidendene. Anaikoka mpaka inatuluka, ndipo phazilo analiika yekha m'beseni.

Kwaya inayimbabe mzere umodzi. Kenako Mariyammah anakuwa. Sanatchule mawu, kunali kukuwa chabe, konga kwa ng'ombe imene aichotsera mwana. Oyimba anasiya mmodzimmodzi.

Nesan anayang'ana m'beseni. Ndinaona kumwetulira kuja kukuchoka. Anayang'ana phazi, nayang'ana nkhope ya munthuyo, nayang'ananso phazi.

"Ndiwe," anatero. "Galu iwe, ndiwe!"

"Ndine," Santhiyogu anayankha. Mawu ake anali aang'ono koma anamveka mpaka kumbuyo. "Ndine ndinali m'chiguduli."

Kumbali ya abambo anthu anadzuka nthawi imodzi. Wina anafuula kuti amutulutsire panja, magazi asagwere m'nyumba ya Mulungu. Wina anali atathyola kale mwendo wa benchi. Swami sanadzuke. Anagwadanso, nagwira phazi lija ndi manja awiri mkati mwa madzi, msana wawo uli kwa anthu, mutu wawo uli pakati pa Santhiyogu ndi Nesan.

"Chokanipo, Swami," anatero Nesan. Mtsuko wamkuwa anali ataunyamula m'mwamba, madzi akutsikira m'mkono mwake.

"Sindinamalize kusambitsa, Nesan."

"Ndati chokanipo! Mwapsompsona phazi la Yudasi, simukhuta?"

"Ndikamaliza ndidzuka. Thira madzi."

Kumbuyo kwanga Jenita ankalira, akuitana dzina la mwamuna wake. Amma anaimirira. Anadutsa pakati pa amayi osaponda aliyense, nakwera pa sitepe ya guwa pomwe sanakwerepo moyo wawo wonse. Ndinkayesa akupita kukamulavulira munthuyo, ndipo mwina ndi zimene ananyamukira. Anaima n'kuyang'ana phazi lija nthawi yaitali. Kenako anakweza maso naona Nesan: mano ali gwa, mtsuko m'mwamba, malaya oyera onyowa. Sindidziwa chimene anaona pamenepo. Iwo sananenepo.

"Tsitsa," anatero.

"Amma, ndi amene..."

"Ndikumudziwa kuposa iwe. Zala zinazo ndinazikwirira ndine pansi pa mtengo wa nimu. Tsitsa mtsuko wa agogo ako. Uyu ndi wanga."

Nesan sanatsitse. Amma anaugwira ndi manja awo awiri n'kuukoka, mpaka anaulanda. Kenako anatembenukira kwa abambo aja.

"Inu, mwathyola benchi la tchalitchi, amuna amphamvu. Tsiku lija munali kuti? Si inu munadutsa pamaso pake mitu ili pansi, aliyense akupemphera kuti agwedezere mnzake? Khalani pansi. Mukamupha, andiuza ndani komwe kuli mwana wanga?"

Amma anaweramira Santhiyogu.

"Iwe. Unadya m'mbale ya mwamuna wanga."

"Ndinadya, Amma."

"Usanditchule choncho. Unali m'lole muja?"

"Ndinalimo. Anandimenya masiku anayi asanandiveke chiguduli. Anati ndikapanda kuwapatsa asanu ndi awiri akatenga mkazi wanga ndi ana. Sindinkadziwa aliyense wa kutchire. Ndinkangogwedeza..."

"Za kumenyedwa kwako ukauze Swami, ndiyo ntchito yawo. Ine ndikufunsa lole. Inakaima pati?"

"Ndikudziwa pomwe inaima."

Mariyammah anasiya kukuwa.

"Mawa uyambira kwa ine," anatero Amma. "Ukatero upita kwa Mariyammah, kenako nyumba zinazo, imodziimodzi, masana, anthu akuona. Ukauza mayi aliyense ali kukuyang'ana m'maso. Ukatha ukationetsa malowo, ndipo ukanenanso pamaso pa aboma, Swami ali pomwepo. Uyenda wopanda sokosi. Aliyense m'mudzi muno alione." Anatembenukira kwa wansembe. "Ndipo inu musandiyang'ane choncho. Sindinamukhululukire. Ndikufuna akhale ndi moyo wautali, azikumbukira tsiku lililonse."

"Sindinanene kanthu, mayi," anatero Swami. "Mtsukowo ndiufuna."

Amma anauyang'ana mtsukowo ngati aiwala kuti uli m'manja mwawo. Sanathire ayi. Anangouika pansi pafupi ndi beseni n'kubwerera pamkeka. Swami anathira okha timadzi totsalato, napukuta phazi la zala zitatu, nalipsompsona. Anthu ena anatuluka mokwiya osadikira Ukalistia. Nesan anatuluka nawo, koma Jenita anamutsatira n'kumugwira malaya, ndipo anangofika pa chitsime cha tchalitchi n'kukhala pansi. Misa itatha Swami anamutenga Santhiyogu kukagona kunyumba ya ansembe, ndipo awiri aja amene anali kutchire, atumwi anzake, anayenda wina kutsogolo wina kumbuyo mpaka anakalowa.

M'mawa mwake Nesan sanafune kuyankhula ndi munthu. Anatenga khasu kuti akatsegulire madzi m'munda. Ali pachipata anakumana ndi Swami akukankha njinga, Santhiyogu ali kumbuyo, akuyenda motsimphina pa miyala ndi mapazi osazolowera. Nesan anaima, khasu lili paphewa.

"Thambi," ndinamuitana monga timaitanira mlongo wamng'ono. "Madzi atha, ena atsegula kale."

Analavula pambali, nadutsa. Atayenda pang'ono anabwerera, natsamiritsa khasu pa mpanda, n'kudzakhala pa chitsa chake.

"Madziwo adikire," anatero. "Ndimve nanenso."

Amma anali akupeta mpunga wa phala la Lachisanu Loyera. Sanadzuke, sanapereke moni. Anawasiya alendowo ataima padzuwa mpaka anamaliza lichero loyamba, nakhuthulira mumphika, nadzazanso lina.

"Seeli, apatse Swami mpando." Kenako analoza pansi ndi chibwano, pa malo a khonde pafupi ndi mzati. "Iwe khala apo. Yambira pomwe lole inatuluka pabwalo. Inakhotera kuti?"

"Kumanja, njira ya ku uvuni wa njerwa."

"Kiruba anakhala kapena anaima?"

"Anaima. Anagwirizitsa mwana wamng'ono wa Mariyammah kuti asagwe."

Lichero linaima pang'ono m'manja mwa Amma. Anatola kamwala mumpunga n'kukaponya kubwalo, nkhuku n'kuthamangira.

"Pitiriza," anatero.